Makalasi a patchuthi a ana ovutika: yambirani pamene mwana waima

Funso: Ndine mlembi wa gulu la amayi pampingo wathu kudera la Mitundu. Sukulu zikatsekera tchuthi chachitali, ana a anthu opezako bwino amapita ku summer school yolipira, pomwe ena onse amangoyendayenda kumsika ndi kumadimba. Tagwirizana zoyambitsa makalasi aulere. Tili ndi holo ya tchalitchi, mphunzitsi mmodzi wopuma pantchito, achinyamata atatu amene angolemba MSCE, ndi chimanga chimene amayi asonkha. Ana ofuna kubwera ndi oposa 100, kuyambira Sitandade 1 mpaka 8. Maganizo athu ndi oti tiziwaphunzitsiratu za kalasi imene akukalowa kuti akatsegulira asakatsalire. Tiyambire pati?

Yankho: Mayi, zimene muli nazozo n'zokwanira kuyambira. Koma pamaganizo anuwo musinthepo ziwiri: musatenge ana 100, ndipo musawaphunzitse za kalasi imene akukalowa.

Tiyambe ndi chachiwirichi, chifukwa ndi pamene makalasi ambiri a patchuthi amataya nthawi. Kafukufuku wa m'mabanja wotchedwa MICS wa 2019 mpaka 2020 anapeza kuti mwa ana a zaka 7 mpaka 14 m'Malawi muno, 19 okha pa 100 alionse ndiwo ankatha kuwerenga kankhani kosavuta n'kuyankha mafunso ake, ndipo pa masamu oyambira anali 13 pa 100. Ndiye kuti mwana amene walembedwa kuti akupita Sitandade 5 akhoza kukhala kuti akadali kulimbana ndi maphatikizo a Sitandade 2. Wafika pamenepo chifukwa m'kalasi mwawo ali ambiri, amayankha pamodzi ndi anzake ngati nyimbo, ndipo palibe anamuimikapo payekha kuti awerenge. Mukamuikira buku la Sitandade 5 kutsogolo, adzakopera zonse zili pabolodi mwaukhondo, makolo adzasangalala poona kope lodzaza, koma mu Seputembala adzabwerera kusukulu ali pomwe anali. Vuto la mwana wotere ndi maziko, ndipo masabata anayi kapena asanu m'kagulu kochepa ndi nthawi yokwanira kukonza maziko. Yomalizira silabasi ndiye siingakwane.

Njira imene ndikukulangizani si yongoganizira. Bungwe la Pratham ku India ndilo linaikhazikitsa, ndipo imadziwika kuti Teaching at the Right Level: ana amayesedwa mmodzimmodzi, n'kuikidwa m'magulu potsata zimene akutha osati kalasi yawo. M'chigawo cha Uttar Pradesh anachita timisasa tophunzitsira ana ta masiku 10 kapena 20 mobwerezabwereza, masiku 50 onse pamodzi, ndipo chiwerengero cha ana otha kuwerenga ndime kapena nkhani chinafika pafupifupi kawiri poyerekeza ndi kusukulu kumene kunalibe timisasato. Anansi athu a ku Zambia anaitenga njirayi mu 2016 n'kuitcha Catch Up. Anayambira m'sukulu 80 zachigawo chakum'mawa ndi chakumwera, Chipata ndi Katete momwemo, ndi ana a Giredi 3 mpaka 5, m'chilankhulo chimene anawo amalankhula. Ku Katete ndi Chinyanja chomwechi.

Inunso tengani a Sitandade 3, 4 ndi 5. A Sitandade 1 ndi 2 akadali ndi mpata kusukulu, ndipo amafuna kuleredwa kwambiri kuposa kuphunzitsidwa, zimene zingakuthereni anthu. A Sitandade 7 amene akulowa 8 amafuna mphunzitsi wodziwa mafunso a MANEB paphunziro lililonse, ndipo achinyamata anu atatuwo sangakwanitse. Pakati apa, Sitandade 3 mpaka 5, ndi pamene mwana amasankha mwakachetechete kuti sukulu si yake, makamaka akafika Sitandade 5 pomwe Chingerezi chimachuluka m'maphunziro onse iye Chichewa chomwe asanachigwire. Makolo a ana otsalawo adzadandaula, ndipo ena adzakunenani kuti mwakondera. Pirirani. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Wophunzitsa mmodzi asapitirire ana 15. Achinyamata atatu ndiye kuti ana 45. Aphunzitsi opumawo musawapatse gulu lawolawo. Ntchito yawo ikhale kuzungulira m'magulu atatuwo, kumvetsera, kukonza, ndi kugwirizira tsiku limene wina wadwala. Polemba maina lembani 50 kapena kupitirirako pang'ono, chifukwa ena sadzaoneka n'komwe. Ku America, kumene nkhani ya makalasi a patchuthi inafufuzidwa kwambiri, bungwe la RAND linatsatira ana oposa 5,000 ochokera m'mabanja osauka m'madera asanu, Boston, Dallas, Pittsburgh, Rochester ndi Duval County, mu 2013 ndi 2014. Makalasi anali aulere, chakudya ndi basi zinalipo, komabe pafupifupi mwana mmodzi pa asanu alionse olembetsa sanabwere ngakhale tsiku limodzi m'chaka choyambacho. Phindu looneka bwino linapezeka mwa ana amene anafika masiku 20 kapena kuposa. Nambala imeneyi muigwiritse. Kumeneko tchuthi chawo n'chachitali kuposa chathu ndipo chimagwa nyengo yotentha, n'chifukwa chake dzina lija la summer. Ife tinangolitola, chonsecho Ogasiti kuno ana amabwera atapinda manja m'khwapa ndi mphepo.

Onani kalendala ya sukulu ya chaka chimenecho. Ngati tchuthi chikulola, phunzitsani masabata asanu, Lolemba mpaka Lachisanu, masiku 25, kuti mwana wojomba kanayi kapena kasanu afikebe pa 20. Ngati n'chachifupi, masabata anayi, koma pamenepo kujomba kulikonse kukhala kopweteka. Kukonzekera kuyambe sukulu zisanatseke.

Posankha ana, pitani kwa aphunzitsi aakulu a sukulu zozungulira, a mother group ndi anyakwawa. Aphunzitsi amadziwa amene akubwereza kalasi, amayi a mother group amadziwa nyumba imene moto suyaka m'mawa. Maina akachokera kukomiti yanu yokha, mudzapeza kuti mwalemba ana anu ndi adzukulu anu, ndi a mpingo wanu okhaokha. Atsikana akhale theka. Ndipo polengeza, mawu oti "ana osauka" kapena "amasiye" asatuluke pakamwa panu. Mwana wazaka 11 amalolera kukhala kunyumba kusiyana n'kuti anzake azimuloza kuti amapita kusukulu ya amphawi. Itcheni kalabu yowerenga, kapena dzina lina limene anawo angalitchule monyadira. Adziwitseninso a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, kuofesi yawo ya zoni ndi agulupu, ndipo ngati mudzabwereka mabuku kapena chipinda cha sukulu ya boma, chilolezo chikhale cholembedwa.

Tsopano mayeso oyambira, amene ndi mtima wa ntchito yonseyi. Si mayeso olemba. Konzani pepala limodzi lokhala ndi zigawo zinayi: malembo khumi osakanizasakaniza, mawu khumi odziwika, kandime ka ziganizo zinayi zazifupi, ndi nkhani ya ziganizo zisanu ndi zitatu kapena khumi. Khalani ndi mwana pambali, anzake asakumve, mumufunse dzina ndi za kunyumba kuti mantha achoke, kenako muyambire pa kandime. Akawerenga bwino, osalakwitsa koposa kawiri kapena katatu, mukwezeni ku nkhani ndipo mumufunse mafunso awiri. Akakakamira, tsikani ku mawu. Akalepheranso, ku malembo. Musamuthandize, musamukonze, musamuonetse nkhope yokhumudwa. Lembani pamene wafika. Mwana mmodzi amatenga mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri, ndiye anthu anayi atha kumaliza ana 50 m'mawa umodzi. Nkhaniyo muilembe nokha, isachokere m'buku la kusukulu, chifukwa alipo ana amene amaloweza tsamba lonse n'kumalinena bwinobwino maso ali kudenga. Pa masamu chitaninso chimodzimodzi: kuzindikira manambala 1 mpaka 9, kenako 10 mpaka 99, kenako samu yochotsera yofuna kubwereka, kenako yogawa.

Mukatero magulu atatu adzaoneka okha: a malembo, a mawu, ndi a ndime ndi nkhani. Wa Sitandade 5 akhoza kugwera gulu limodzi ndi wa Sitandade 3, ndipo adzachita manyazi. Magulu muwatche maina a mbalame kapena mitengo, osati loyamba ndi lotsiriza, ndipo wamkuluyo mumupatse udindo wosunga makadi kapena kuitana maina. Magulu a masamu adzasiyana ndi a kuwerenga. Mwana amene amagulitsa mandasi akhoza kukhala katswiri wa chenji koma osadziwa kulemba dzina lake.

Tsiku liziyamba 8 koloko, atsikana atatunga kale madzi. Mphindi 90 zoyamba kuwerenga, kenako phala theka la ola, masamu ola limodzi, n'kutsiriza ndi masewera, nthano, zisudzo kapena kujambula kwa mphindi 45. Isanakwane 12 koloko ana akhale atabalalika, chifukwa kunyumba akufunikanso: kuthirira kudimba, kulera mwana, kudyetsa mbuzi. Mukawasunga mpaka masana makolo adzayamba kuwaletsa sabata yachiwiri. Mwanjira imeneyi, pamasiku 25 mwana amapeza maola 37 ndi theka a kuwerenga ndi maola 25 a masamu, zimene zikugwirizana ndi malire amene a RAND aja anapeza kuti phindu limayambira, maola 34 ndi 25.

Mphindi 90 zija si zoti mphunzitsi aime kutsogolo n'kumalankhula. Kotala loyamba la ola ana onse amve nkhani ikuwerengedwa mokweza n'kuikambirana: ndani anachita chiyani, inu mukanatani? Kenako aliyense kugulu lake. A malembo agwire lembo limodzi kapena awiri patsiku, liwu lake osati dzina lokha, alilembe pansi ndi kamtengo, aliphatikize ndi a, e, i, o, u, ndipo tsiku lomwelo apange nalo mawu enieni. Mwana amene wadziwa m, n, t ndi k atha kale kuwerenga mama, moto, kana, tate, ndipo chimwemwe chimenecho ndi chimene chimamudzutsa mawa. A mawu ndiwo ofunika kuwadekhera. Ambiri amayenda bwino pa ba, be, bi koma amaima akakumana ndi maphatikizo a malembo anayi kapena asanu: nkhu, mphi, ntcha, ndwa, mphwa. Ena amameza h, n'kumawerenga phala ngati pala, thumba ngati tumba. Ena saona kusiyana kwa ng'oma yoimba ndi ngoma ya m'tchire. Dulani makatoni a sopo kukhala timakadi, phatikizo limodzi pakhadi, ana awiriawiri azipikisana kupanga mawu. Ikani dzanja la mwana pafupi ndi pakamwa pake anene pala, kenako phala, amve yekha mpweya ukutuluka pa liwu lachiwirilo. A ndime ndi nkhani aziwerenga awiriawiri mosinthana, afotokoze m'mawu awoawo, alembe ziganizo zitatu zawozawo tsiku lililonse, osati zokopera. Gulu ili lokha ndilo mungalipatse Chingerezi, mphindi 20 kapena 30, makamaka kulankhula ndi kuwerenga ziganizo zosavuta. Makolo adzakukakamizani kuti Chingerezi chikhale cha onse. Auzeni kuti mwana amene wagwira kuwerenga m'chilankhulo chake amachitola msanga Chingerezi, pomwe wosatha kuphatikiza malembo amangochiimba.

Pa masamu, mwana aliyense abwere ndi timitengo 100 tofanana ndi chala, ndi timaluzi kapena timalabala tomangira mitolo ya khumikhumi. Cholakwa chimene mudzachione kwambiri ndi ichi: mwapereka 52 kuchotsa 17, mwana walemba 45. Sanalote, waona kuti 2 n'ngochepa kwa 7, ndiye watembenuza n'kuchotsa 2 pa 7, kenako 1 pa 5. Kumubwerezera lamulo la kubwereka sikuthandiza. Muuzeni aike pansi mitolo isanu ndi timitengo tiwiri, ndipo akupatseni 17. Adzayang'ana tiwiri tija, adzakanda m'mutu, kenako adzamasula mtolo umodzi. Pamenepo ali ndi mitolo inayi ndi timitengo 12; akachotsa 7 ndi mtolo umodzi, patsala mitolo itatu ndi timitengo tisanu, 35. Achite zimenezi ndi manja kangapo asanabwerere ku pensulo. Samu iliyonse muiveke nkhani ya pamsika kapena ya pachigayo.

Patsiku la khumi yesaninso onse ndi pepala lina lofanana nalo, ndipo amene akwera muwasamutse gulu tsiku lomwelo. Kumusiya mwana m'gulu limene walipitirira n'kumuthamangitsa.

Za phala, werengerani magalamu 100 a ufa pa munthu patsiku. Kwa anthu 50 ndi makilogalamu 5 patsiku, 125 pamasiku 25. Kasakanizidwe kofanana ndi Likuni Phala ndi magawo anayi a chimanga pa gawo limodzi la soya: matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50, ndi soya makilogalamu 25, koma gulani 30 chifukwa amachepa mukakazinga ndi kupeta. Chimangacho chikhale mgaiwa, osakonola. Soya akazingidwe mpaka khungu lithetheke ndi kununkhira. Wosakazinga bwino amanunkha chiwisi ndipo amatupitsa ana m'mimba. Ngati mulibe soya, nsinjiro zilowe m'malo mwake, koma mtedza wowola ndi wachuku muusankhe n'kutaya, chifukwa chuku chimenecho n'chiphe. Gayitsani wa masabata awiri okha nthawi imodzi. Ufa wamafuta ukakhalitsa umawawa. Shuga theka la kilogalamu patsiku akwana, pamodzi ndi mchere wa ayodini pang'ono. Ufa umenewu umafuna madzi malita 20 mpaka 25, ndiye pezani mphika wosachepera malita 30. Mwana aliyense azibwera ndi kapu yake ndi chikuni chimodzi. Ndalama musapemphe, ngakhale yochepa bwanji, chifukwa amene mukuwafunawo ndiwo oyamba kugwa. Nthawi ya phala ndaiika pakati dala. Likakhala kumapeto, ana amafika mochedwa kudzangodya. Likakhala koyambirira, ena amazemba akakhuta. Kumbukiraninso kuti phala la kusukulu, monga la Mary's Meals, limaphikidwa masiku a sukulu okha, choncho kwa ana ena lanulo ndilo chakudya choyamba chatsikulo.

Pakhomo la chimbudzi ndi pamalo odyera pakhale mpondagiya ndi sopo kapena phulusa, ndipo alangizi a zaumoyo a m'dera lanu akuthandizeni ndi klorini wa m'madzi akumwa. Mwana mmodzi akatsegula m'mimba chifukwa cha phala lanu, mbiri imafika mudzi wonse dzuwa lisanalowe.

Achinyamata atatuwo aphunzitsidwe masiku atatu kapena anayi ntchito isanayambe, mochita kuyeserera ndi ana enieni, aphunzitsi opumawo akuonerera. Munthu amaphunzitsa mmene anaphunzitsidwira, ndiye mukawasiya adzabwerera ku kulemba manotsi pabolodi, kufunsa "tamvana?" n'kulandira "eee" wa gulu, ndi kamkwapulo m'manja. Zitatu zonsezi ziletsedwe poyera. Tsiku lililonse ana akapita, akhale pansi mphindi 20 kukonza za mawa ndi kutchula maina a ana amene akutsalira. Nkhani ya malipiro muimalize pachiyambi pamaso pa komiti: ngati palibe, nenani kuti palibe, koma sopo, phala ndi kalata yowachitira umboni pamapeto zisalephere. Mawu oti "tidzaona" ndi amene amabala kunyanyala sabata yachitatu.

Pali malamulo ena osafuna kukambirana. Wamkulu asatsale yekha ndi mwana m'chipinda chotseka. Mnyamata wophunzitsa asatume mtsikana kunyumba kwake, asamuperekeze yekha, asamupatse mphatso. Tsiku lililonse pakhale mayi mmodzi wa komiti pamalopo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ana adziwe kuti ndi kwa iyeyo kokanena chilichonse. Mwana akaulula za nkhanza, kaya zachitikira kunyumba, musazithere pampingo. Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani kwa wogwira ntchito yoteteza ana wa m'dera lanu.

Kujomba ndiko kudzakuvuteni koposa zonse. Itanani maina tsiku ndi tsiku, ndipo mwana akasowa masiku awiri otsatizana, mayi mmodzi apite kwawo tsiku lachitatu, osati kukakalipa koma kukafunsa. Mayankho ake amakhala omwewo: ganyu woumba njerwa, tsiku la msika, wapita kwa agogo, walowa chinamwali, kapena wasiyidwa ndi kamwana. Za msika, ngati tsiku lake limakokolola ana ambiri, lisiyeni ndipo muphunzitse Loweruka m'malo mwake. Za chinamwali, kambiranani ndi mafumu ndi anamkungwi musanaike masiku, chifukwa tchuthi chimenechi ndi nyengo yawonso ndipo simungapikisane nawo. Wobwera ndi kamwana kumsana musamubweze. Yalani mphasa pambali, mayi wophika kapena agogo ena aziyang'anira tianato. Ndipo mwana amene akubwera mokhulupirika koma osasuntha, muyeseni maso ndi makutu mwachidule: kodi akuona lembo lalikulu ali kumbuyo kwa holo, akumva mukamuitana chapansipansi ali chofulatira? Ambiri otchedwa mbuli ndi ana osaona kapena osamva bwino, ofunika kupita kuchipatala. Mwana wachialubino akhale kutsogolo, pamthunzi, ndi makadi a malembo akuluakulu.

Sabata yomaliza yesani kachitatu, ndipo muyerekeze ndi tsiku loyamba: angati achoka pa malembo kufika pa mawu, angati afika pa nkhani. Musayembekeze kuti onse afika pamwamba. Kukwera sitepe imodzi kapena ziwiri m'masabata asanu ndi ntchito yabwino. Itanani makolo amve ana awo akuwerenga. Koma dziwani kuti zimene mwana wapeza patchuthi zimasuluka ngati palibe wozithirira. Ku America kuja, phindu la masamu limene linaoneka ana atangobwerera kusukulu linali litazilala pofika chaka chotsatira, ndipo ku Zambia, atayesa njira zingapo, anakhazikika pa ola limodzi tsiku lililonse m'kati mwa teremu. Inu simungakwanitse tsiku lililonse, koma maola awiri Loweruka m'mawa, ndi ana omwewo ndi makadi omwewo, n'zotheka. Sukulu zikatsegulira, tengani kaundula wanu, dzina la mwana aliyense ndi pamene wafika pa kuwerenga ndi pa masamu, mukamupereke m'manja mwa aphunzitsi aakulu ndi a kalasi imene mwanayo walowa. Kope lina litsale kwa inu, mudzayambirepo chaka chamawa.